Kuima chadodolido: musasenzetse khosi thupi lonse

Kuima ndi mutu, miyendo m'mwamba, ndi masewera amene ana amachita pabwalo, ndipo ochita yoga, masewera olimbitsa thupi ochokera ku India, amawatcha Sirsasana. Vuto lake lili pakhosi. Khosi lili ndi timafupa 7 tokha, ndipo ntchito yake ndi kunyamula mutu wolemera makilogalamu pafupifupi 5. Kafukufuku wa ku University of Texas ku America anapeza kuti poima chadodolido mutu umatha kusenza 40 mpaka 48 peresenti ya kulemera kwa thupi. Kwa munthu wa makilogalamu 60, amenewo ndi makilogalamu 24 mpaka 29.

Njira ziwiri zodziwika

Yoyamba ndi yotsamira zigongono. Mumagwada, kuika zigongono pansi motalikirana ngati mapewa anu, kulukanitsa zala, kenako kuika mutu pansi, nkhongo itatsamira m'manja. Pogunda pansi pakhale paliwombo, pamene pamakhala nkhata posenza mtsuko, osati pamphumi kapena kunkhongo. Kankhani pansi ndi mikono mwamphamvu, mapewa atalikirane ndi makutu. Mutu uzingokhudza pansi basi. Iyi ndiyo yoyenera oyamba kumene.

Yachiwiri ndi ya zikhato ziwiri ndi mutu, mawondo atatsamira pamikono. Ambiri amaithamangira chifukwa kukwera kwake n'kosavuta, koma apa mutu umasenza katundu ngati mwendo wachitatu wa mpando wa miyendo itatu. Mikono ikangotopa, katundu yense amagwera pakhosi. Idikireni kaye.

Musanayambe zonsezi, limbitsani mapewa: zigongono ndi zala zakumapazi pansi, chiuno m'mwamba, mutu uli lende osagunda pansi. Ngati simungapirire choncho kwa kanthawi mukupuma bwinobwino, nthawi yanu sinakwane. Kugona chagada miyendo mutaitsamiritsa kukhoma nakonso n'kwabwino, ndipo khosi silivutika.

Pokwera musadumphe kapena kuponya miyendo. Yandikirani khoma, pindani mawondo, kwezani mapazi pang'onopang'ono, pakhale munthu wodziwa pambali panu. Muli m'mwambamo musatembenuze mutu, ngakhale wina akuitaneni. Pilo wofewa kwambiri amapendeketsa mutu. Bulangete lopinda pang'ono likwanira.

Osayesa n'komwe

Amene ali ndi BP yokwera, matenda a mtima, khosi lopweteka kapena lomwe linavulalapo, mafupa ofooka, kapena anadwalapo sitiroko, asachite. Chimodzimodzi odwala matenda a maso otchedwa glaucoma, chifukwa mutu ukakhala pansi mphamvu ya madzi a m'diso imatha kuwirikiza kawiri. Amayi oyembekezera asayambe kuphunzira nthawi imeneyi.

Tsikani msanga mukamva dzanzi kapena kulasalasa m'manja, chizungulire, kapena kupweteka m'khosi. Mukatsika khalani kaye chogwada mutu uli pansi musanadzuke.

Ngati pambuyo pake mkono kapena mwendo wafooka, maso akuona zinthu ziwiriziwiri, lilime lalemera, kapena mutu ukuwawa modzidzimutsa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Wina akagwera khosi n'kulephera kusuntha ziwalo, musamudzutse kapena kumuwongola khosi. Mugwireni mutu usagwedezeke mpaka achipatala amuone.