Ku Mangochi kulinso zophunzira

Kwa zaka zambiri anthu akhala akunena kuti mlendo wakunja amabwera ku Mangochi kudzasambira basi, za sukulu n'za ku Zomba ndi ku Blantyre. Ayi ndithu. Ofufuza ndi ophunzira a zansomba amafika ku Cape Maclear kudzaona mbuna, nsomba zamawangamawanga zobisala m'miyala, zomwe kwawo ndi nyanja yathu yokhayi. Paki ya Lake Malawi inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsombazi.

Ku Mpwepwe kuli koleji ya zausodzi. Yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS nayo ili ndi nthambi kuno, komwe wophunzira udokotala amaona likodzo ndi malungo ndi maso ake m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Koma tikamakopa alendo timangoonetsa mchenga ndi mabwato, za maphunzirowa zii.