Nyengo ya Chilengedwe m'mipingo: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse, kuyambira pa 1 September mpaka pa 4 October, mipingo yambiri padziko lonse imasunga Nyengo ya Chilengedwe. Nawa mafunso amene akhristu amakonda kufunsa nkhaniyi ikalengezedwa m'tchalitchi.

Nyengoyi inayamba bwanji?

Mu 1989, Dimitrios I, mkulu wa mpingo wa Orthodox ku Constantinople, anapatula tsiku la 1 September kuti likhale lopempherera chilengedwe. Pambuyo pake mipingo ina, kudzera m'bungwe la World Council of Churches, inatalikitsa mwambowu mpaka pa 4 October, tsiku lokumbukira Francis Woyera wa ku Assisi. Mu 2015 malemu Papa Francis analemba kalata yake yotchedwa Laudato Si', yonena za kusamalira dziko ngati mudzi wathu tonse, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa tsiku la 1 September mu mpingo wa Katolika.

Ndiye kuti ndi za Akatolika okha?

Ayi. A Orthodox ndiwo anayambitsa, ndipo a Anglican, a Lutheran ndi mipingo ina yambiri amasunga nawo. Palibe fomu yodzaza kapena ndalama yolipira. Mpingo uliwonse ungathe kuyamba.

Kodi si Mulungu yemwe anati tiligonjetse dziko?

Mawu amenewo alipodi pa Genesis 1:28, koma tiwerenge mpaka chaputala chachiwiri. Pa Genesis 2:15 Mulungu anaika munthu m'munda wa Edene kuti aulime ndi kuuyang'anira. Woyang'anira munda si mwini munda, ndipo Salimo 24:1 likunena poyera kuti dziko lapansi ndi zonse zili m'menemo n'za Yehova. Ngakhale pa nkhondo, Deuteronomo 20:19 analetsa Aisraeli kugwetsa mitengo ya zipatso ya mzinda umene akuuzinga. Ngati msilikali analetsedwa kutero kwa adani ake, nanga ife pa phiri limene likutipatsa madzi?

Ena amati dzikoli lidzapsa ndithu, tivutikiranji. Thupi nalonso lidzafa, komabe mwana akadwala timathamanga naye kuchipatala usiku. Amene amayamba kulira chilengedwe chikawonongeka ndi osauka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ali m'kati. Ambiri mwa iwo anali anzathu opemphera nawo.

Tingabzale mitengo m'nyengoyi?

Apa ndi pamene ndikufuna tisamale kwambiri. Kuno kwathu September ndi October ndi miyezi ya dzuwa loswa mtengo. Mbande yobzalidwa pa mwambo wa Lamulungu, anthu n'kujambulitsa n'kumapita, imakhala itauma sabata isanathe, kapena mbuzi zaidya. Nyengo ya boma yobzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April, mvula ikugwa. Ntchito ya September ndi kukonzekera.

Mphakati, gulu la amayi a Mvano kapena achinyamata angathe kukhazikitsa nazale pafupi ndi mjigo kapena chitsime: kusefa dothi, kulisakaniza ndi manyowa ndi mchenga, kuthira m'machubu, kufesa, kumanga kamthunzi ka udzu, ndi kugawana masiku othirira m'mawa ndi madzulo. Mbewu zolimba khungu monga mtangatanga ndi msangu zimamera msanga zikayamba zanyikidwa m'madzi kapena kupalidwa pang'ono. Msangu ndi wabwino m'munda chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga koma umachipatsa chonde. Pofika December mbande zimakhala zitakula bwino.

Ntchito ina yofunika ndi yolimbana ndi moto. Miyezi imeneyi ndi imene tchire limapsa, kawirikawiri chifukwa cha osaka mbewa ndi ososa m'minda. Kulambula mozungulira nkhalango ya mpingo kapena ya m'mudzi, ndi kudulira bwino mphukira za pa zitsa kuti zitsale ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kumapulumutsa mitengo yambiri kuposa imene tingabzale. Taonani manda a m'midzi mwathu mmene aliri ndi mitengo yachilengedwe. Yambiri sinabzalidwe ndi munthu, anthu anangoilemekeza osaidula.

Nanga makala? Tonse timaphikira makala.

Lamulo la za nkhalango, limene linakonzedwanso mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndipo zilango zake zinakwezedwa. Koma mpingo usathamangire kuloza chala bambo wokankha njinga ya matumba kuchokera kumudzi, pamene ogula ake tili m'tchalitchi momwemo. Poyambira ndi pa khitchini ya mpingo. Pa misonkhano, maukwati ndi maliro nkhuni zimapsa zambirimbiri pa mafuwa atatu. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi, imadya nkhuni zochepa ndipo utsi umachepa m'maso mwa amayi ophika. Mpingo umene uli ndi malo ubzale mitengo yakeyake ya nkhuni.

M'mapemphero tichitemo chiyani?

Abusa ndi ansembe angalalikire pa Genesis 2, Salimo 104 kapena Aroma 8:19-22, pamene Paulo akunena kuti cholengedwa chonse chikubuula. Kwaya ipeke nyimbo, ana a Sande sukulu apatsidwe machubu awoawo oti azithirira. Pambuyo pa mwambo, majumbo ndi mabotolo asatsale mbwee pabwalo la tchalitchi.

Pa 4 October pakadutsa ndiye kuti zatha?

Mapemphero a nyengoyi amatha, koma nazale imafunabe madzi mpaka mvula itagwa. Komiti isankhe anthu odziwika mayina oyang'anira mbande, ndipo chaka chamawa lipoti lidzanene mitengo imene yapulumuka, osati imene inabzalidwa.