Shade Smooth siwonjezera ma polygon ayi

Ambiri amene akuphunzira Blender, pulogalamu yopangira zithunzi za 3D, amaganizabe kuti mukadina Shade Smooth ndiye kuti ma polygon (tizidutswa tomwe timapanga khungu la modelo) achuluka. Ayi ndithu, palibe ndi vertex (kadontho ka pa kona ya polygon) imodzi yomwe imawonjezeka, Shade Smooth imangosintha ma normal (omwe amasonyeza kumene khungu la modelo layang'ana) kuti kuwala kuzigwa mosalala basi, nchifukwa chake m'mphepete mumaonekabe makonamakona. Imene imagawadi ma polygon a modelo ndi Subdivision Surface, levulo iliyonse ma quad (ma polygon a makona anayi) amachuluka kanayi ndiye kompyuta yofooka imalema msanga.

Kupenta nakonso sikulira ma polygon miyandamiyanda. Texture Paint ya mu Blender imadalira UV (mapu oyala khungu la modelo pa chithunzi chafulati) yoyalidwa bwino ndi kukula kwa chithunzi, mwina ma pixel 2048 x 2048. Polypaint ya mu ZBrush, pulogalamu ina ya 3D, ndiyo imafuna ma vertex ambiri poti utotowo umakhala pa vertex penipenipo, akachepa utoto umangooneka mwachimbuuzi.