Manja amene ankaletsedwa kulankhula

Loweruka madzulo, mukamatuluka mumsika waukulu wa Mzuzu kulowera ku depoti, nthawi zina mumapeza kagulu ka anyamata ndi atsikana ataima mozungulira pakhonde la sitolo. Makondakitala akukuwa kuitanira anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Ekwendeni, koma iwo alibe nazo ntchito. Nkhani yakoma, ena mpaka agwira nthiti ndi phwete, chikhalirecho mawu sakumveka. Zikulankhula ndi zala, nsidze, masaya ndi mapewa. Amaima mozungulira kuti aliyense aziona mnzake, ndipo kukayamba kuda amasunthira pomwe pali babu.

Mmodzi mwa iwo ndi mtsikana, mwana wa mchemwali wanga. Anabadwa akumva bwinobwino ku Chibavi, ndipo anali wolongolola ngati mayi ake. Ali ndi zaka zinayi anadwala malungo a muubongo. Anachira, koma makutu anatsekeka. Kuyambira pamenepo anthu a m'dera anasiya kumutchula dzina. Ena ankati gonthi, ena mbuwu monga amanenera anzathu olankhula Chitumbuka, ndipo ife pakhomo tinkangomukodola ndi kumulozera: madzi, nsima, gona. Umenewo ndiwo unali mcheza wake wonse kwa zaka zitatu. Tsiku lomwe anabwera kutchuthi koyamba kuchokera kusukulu yogonera konko, manja ake akuthamanga ngati akupeta, ndi pomwe ndinayamba kufunsa kuti chinenero chimenechi chinachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani mwana wa mumzinda waukulu wa chigawo chonse ankayenera kukwera basi kuti akachipeze.

Yankho limayambira kutali. Mu 1880, aphunzitsi a ana osamva ochokera m'mayiko osiyanasiyana anakumana ku Milan, m'dziko la Italy, ndipo anagwirizana kuti njira yabwino yophunzitsira mwana wosamva ndi ya pakamwa: aziwerenga milomo ya wolankhula, naye aziumirizidwa kutulutsa mawu. Manja anati amachedwetsa mwana kuphunzira kulankhula. Pafupifupi onse amene anavota pamsonkhanowo anali anthu akumva. Chigamulocho chinalamulira masukulu a ku Ulaya kwa zaka pafupifupi 100, ndipo amishonale amene anadzatsegula masukulu otere mu Africa anabwera nacho m'chikwama.

Kuno kwathu maphunziro a ana osamva anayamba ndi mabulazala achikatolika a chipani cha FIC, ochokera ku Netherlands, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Kumeneko ndiko kuli sukulu ya Maryview, komanso koleji ya Montfort yomwe mpaka lero imasula aphunzitsi a ana ofunika maphunziro apadera. Pambuyo pake kunadzatsegulidwa sukulu ya ku Mua m'boma la Dedza ndi ya Mountain View ku Bvumbwe. Tisawaiwale mabulazala aja. Panthawi imene mwana wosamva ankangotumidwa kubusa mbuzi, iwo anamuona kuti ndi mwana wasukulu. Koma njira yomwe anabwera nayo inali ya ku Milan ija. Mwana ankagwira pakhosi pa mphunzitsi kuti amve kunjenjemera kwa mawu, ankayang'ana pagalasi mmene lilime likuyendera, n'kumabwereza liwu limodzi kambirimbiri.

Yesani nokha pagalasi, osatulutsa mawu. Nenani kuti bala, kenako pala, kenako phala. Milomo ikuchita chimodzimodzi. Nanga mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo, amene ife timasiyanitsa ndi khutu lokha? Onjezani apo kuti mwana wa ku Mzuzu kunyumba amalankhula Chitumbuka, agogo ake Chitonga kapena Chinkhonde, pamsika Chichewa, mayeso Chingerezi. Awerenge milomo ya chinenero chiti? Ana ena, makamaka amene anagontha atayamba kale kulankhula, ankakwanitsa ndithu. Ambiri ankathera zaka zawo kulimbana ndi katchulidwe, masamu ndi mbiri zikuwadutsa.

Koma pali chinthu chimene aphunzitsi sanathe kuletsa. Mukasonkhanitsa ana osamva malo amodzi, chinenero chimabadwa. M'kalasi manja ankakhala pansi, koma kumalo ogona, kumjigo, pamzere wa phala, ana ankabweretsa tizizindikiro tomwe aliyense ankagwiritsa ntchito kwawo, n'kumatisakaniza, kutifupikitsa, kutipatsira ana obwera kumene. Chinenero chamanja cha ku Malawi chinakulira mmenemo. Pambuyo pake chinadzabwereka zina kwa alendo, monga zimachitira zinenero zonse, koma mwini wake ndi anawo. Si Chichewa cholembedwa m'malere, ndiponso si chimodzimodzi ndi cha ku America kapena ku Britain. Chili ndi malamulo akeake. Funso limaoneka pansidze. Munthu amene mukumunena mumamuika pamalo ena m'malere, ndipo mukalozanso pomwepo aliyense amadziwa kuti mwabwerera kwa yemwe uja.

Kwa zaka zambiri zonsezi zinali nkhani za kummwera ndi pakati. Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Chiradzulu ndi makilomita opitirira 600, ndipo ndi makolo ochepa amene akanatumiza mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, wosamva, ulendo wotero. Chigawo cha kumpoto, chomwe chimanyadira sukulu kuyambira nthawi ya Robert Laws ku Khondowe, chinalibe poika ana amenewa. Zinasintha mu 1994, chaka chomwe maphunziro a pulayimale anakhala aulere, pamene mpingo wa CCAP sinodi ya Livingstonia, yomwe likulu lake lili mu Mzuzu momwemuno, unatsegula sukulu ya ana osamva ku Embangweni m'boma la Mzimba. Kenako kunabwera ya ku Bandawe kufupi ndi Chintheche, ndi ya ku Karonga. Choncho sukulu ikamatsegulira, ana osamva a mumzinda uno amabalalika njira zitatu: ena kudzera ku Chikangawa n'kukakhotera pa Jenda, ena kutsetsereka kunyanja, ena kutsika zikhotakhota za ku Chiweta. Aphunzitsi amalipidwa ndi boma, koma zomanga, mabedi, ufa ndi nyemba nthawi zambiri zadalira mpingo ndi abwenzi akufuna kwabwino.

M'zaka zomwezo, kumayambiriro kwa m'ma 1990, dziko likutsegula pakamwa pankhani ya zipani zambiri, anthu osamva nawo anakhazikitsa bungwe lawolawo, Malawi National Association of the Deaf, lomwe timangoti MANAD. Kusiyana kwake ndi zonse zam'mbuyo kunali kwakuti oyendetsa anali osamva eni ake. Kale kunali MACOHA, bungwe loona za anthu aulumali lomwe boma linakhazikitsa ndi lamulo la 1971, ndipo maganizo a nthawi imeneyo anali oti munthu waulumali aphunzitsidwe ntchito yamanja, kuluka kapena kusoka, adzipezere chakudya. Zimenezo zinathandiza ambiri. Koma a MANAD anabwera ndi mfundo ina, yoti vuto lawo lalikulu si khutu, ndi kusowa wolankhula naye. Anayamba kumenyera kuti chinenero chamanja chilowe m'kalasi, kuti pakhale omasulira, kuti nkhani za pa kanema zikhale ndi munthu pakona womasulira. Mu 1999 mabungwe a anthu aulumali anapanga mgwirizano wa FEDOMA, ndipo MANAD ili momwemo. Bungwe la anthu osamva la ku Finland linagwira nawo ntchito zaka zambiri, kuphatikizapo yosonkhanitsa zizindikiro m'zigawo zonse mpaka kutulutsa buku lotanthauzira mawu a chinenerochi.

Ntchito ya bukulo inaonetsa poyera chinthu chimene osamva ankachidziwa kale. Popeza chinenero chinakulira m'masukulu otalikirana, wa ku Embangweni ndi wa ku Maryview ali ndi zizindikiro zina zosiyana, monga mmene wa ku Kasungu ndi wa ku Mulanje amasiyanira Chichewa chawo. Funso loti chizindikiro cha ndani chilowe m'buku si laling'ono, ndipo akumpoto amakhala tcheru kuti zawo zisamezedwe. Mwana wa mchemwali wanga amatha kukuuzani sukulu yomwe munthu anaphunzira atangocheza naye pang'ono.

Pamapepala tapita patali. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo panganolo limanena mosabisa kuti chinenero chamanja ndi chinenero. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu aulumali, ndipo mu 2024 kunabwera lina latsopano lolowa m'malo mwake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10 mwa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo mwa amenewa pafupifupi mmodzi mwa anayi ali ndi vuto lakumva. Anzathu ena anafika polemba chinenero chamanja m'malamulo aakulu a dziko: Uganda mu 1995, Zimbabwe mu 2013, ndipo South Africa inachiika kukhala chinenero cha boma cha nambala 12 mu 2023.

Koma pepala silimasulira. Tsiku lina ndinamuperekeza mtsikanayu kuchipatala china, ali kale mayi woyembekezera. Ndinachoka pang'ono kukagula madzi, ndipo pobwera ndinapeza dzina lake laitanidwa katatu, iye ali phee pabenchi, akuyang'ana chitseko. Titalowa, namwino anayang'ana ine, osati iye, n'kuyamba kufunsa mafunso amene mwana wamkazi sangayankhe pamaso pa amalume ake. Anaweramitsa mutu. Ine manja anga, amene amadziwa zizindikiro zongokwanira kupempha mchere patebulo, anauma. Tinathera polemberana pakapepala, m'Chingerezi chomwe kwa iye ndi chinenero chachitatu. Tili panja anandikodola, n'kundiuza ndi manja kuti: «Amalume, ulendo wina ndidzabwera ndi mnzanga.» Mnzakeyo ndi mtsikana wakumva amene anaphunzira manja kutchalitchi. Salipidwa, ndipo tsikulo akanayenera kutseka kaye malonda ake.

Apa ndi pamene pali mkangano umene sunathebe: womasulira alipidwe ndi ndani? Omasulira ophunzitsidwa bwino ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ntchito zambiri zowafuna zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ambiri mwa amene alipo anaphunzitsidwa ndi ndalama za mabungwe. Bungwe likabwera ndi pulojekiti, kumakhala maphunziro a sabata ziwiri a anamwino kapena apolisi, anthu amaphunzira kupereka moni ndi kutchula zilembo ndi zala, amajambulitsa, ndipo ndi chiyambi chabwino. Koma chinenero sichiphunziridwa sabata ziwiri, ndipo wophunzirayo akasamutsidwa kapena ndalama zikatha, zonse zimabwerera pomwe zinali. Ine ndimaona kuti mabungwe achita mbali yawo yaikulu posonyeza kuti zinthuzi n'zotheka. Koma womasulira wa kukhoti, kupolisi ndi kuchipatala ayenera kukhala wantchito wa boma, wolandira malipiro mwezi ndi mwezi ngati kalaliki, chifukwa munthu woimbidwa mlandu m'chinenero chimene sakumva sangadikire kuti opereka thandizo avomereze pulojekiti ina.

Mkangano wina ndi wa sukulu. Ndondomeko ya masiku ano ikuti ana onse aphunzire limodzi pasukulu yapafupi ndi kwawo, ndipo kholo lililonse limene linalirapo pa depoti potsanzikana ndi mwana wamng'ono limamvetsa ubwino wake. Kwa mwana woyenda pa njinga ya olumala, mukakonza khomo ndi chimbudzi mwathandiza kwambiri. Koma mwana wosamva mmodzi m'kalasi ya ana ochuluka, mphunzitsi akulankhula atayang'ana kubolodi, amakhala yekhayekha kuposa mmene akanakhalira ku Bandawe. Ana osamva ambiri amabadwa kwa makolo akumva, choncho chinenero sachiyamwira kubere. Amachitenga kwa osamva anzawo. N'chifukwa chake akuluakulu osamva ambiri amaikira kumbuyo masukulu ogonera aja, ngakhale ena a iwo ndi omwe ankagwidwa manja m'kalasi.

Chomwe chasintha moyo wawo mwachangu sichinachokere ku bungwe lililonse. Ndi foni. Kale wosamva wa ku Zolozolo akafuna kuuza mnzake wa ku Luwinga za maliro, ankayenda wapansi. Lero amaimika foni pa ndowa, n'kuimba pa WhatsApp moonana, manja onse awiri ali omasuka. Bandulo imawathera msanga kuposa ife, popeza kwa iwo kanema ndiye mawu. Ndipo magetsi akazima usiku, ife timapitiriza kucheza mumdima, pomwe iwo nkhani imadukira pomwepo mpaka wina ayatse tochi. Mu 2020, aliyense atavala masiki, ngakhale milomo yomwe ankadalira pamsika inabisika.

Chaka chilichonse pa 23 September dziko lapansi limakumbukira zinenero zamanja, tsiku lomwe bungwe la osamva la dziko lonse linakhazikitsidwa ku Rome mu 1951. Chaka chatha, sabata imeneyo, mtsikanayu ananditengera ku kagulu kake ka pakhonde paja. Ali ndi mwambo woti munthu sadzipatsa yekha dzina lamanja. Amakupatsa ndi osamva, atakuyang'anitsitsa, ndipo limachokera pa chinthu chooneka pa iwe. Anandizungulira, anakambirana, wina anatsutsa, kenako anagwirizana: chala chimodzi chokhudza pachipumi chakumanzere, pomwe pali chipsera chomwe ndinavulala ndili mnyamata. Mwana wake wa miyezi khumi, amene amamva bwinobwino, anali kumsana akusuzumira paphewa la mayi ake. Anakweza kadzanja, n'kudzigwira pachipumi.