Amenewo si mauka, bwerani tikuyezeni

Amayi anzanga a kuno ku Ntcheu, mawu oti "ndi mauka chabe anamwino" ine andikwana. Mukangokhala malo amodzi ndi abambo magazi akutuluka, chikazi chili chamadzimadzi chonunkha mpaka mukuchita kumanga zitenje ziwiri popita ku tchalitchi, inu nkumati mauka? Ondipweteka mtima kwambiri ndi aja anasiya kusamba kalekale, zidzukulu zili mbwee, aona magazi eti msambo wabwerera. Msambo subwerera ayi. Mukaona zimenezo mawa lomwelo mulawire kuchipatala, ikhoza kukhala khansa ya khomo la chiberekero.

Khansa ya khomo la chiberekero siyibwera usiku umodzi. Kachilombo ka HPV kamalowa pogonana, ambiri thupi limakagonjetsa lokha, koma kakakanirira kamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti kafike pa khansa, ndipo kwa amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV zaka 5 mpaka 10 zakwana. Zaka zonsezo simumva kuwawa paliponse. Ndiye zoti "ine palibe chikundipweteka" musandiuze, woyenera kuyezedwayo ndi yemweyo wosamva kanthu, makamaka wa zaka 25 mpaka 49. Timapaka viniga pakhomopo, mphindi zochepa basi, pakaoneka poyera timawotcha ndi kamakina nthawi zambiri tsiku lomwelo, ndipo ku chipatala cha boma simulipira. Kachitsulo kaja timalowetsa poyeza nkongotsegulira njira kuti tione, sikazula chiberekero ngati momwe mumanamizirana kumjigo.

Pali mayi wina wa cha ku Tsangano sindimamuiwala. Wolimbikira zedi, wolima kachewere, ndalama za banki mkhonde amasunga ndi iyeyo. Magazi atayamba anati ndikumbe kaye mbatata. Atakumba anapita kwa asing'anga, anamutema mphini m'chiuno monse, nkumupatsa zitsamba zoika kumusi, mbuzi inapita. Kenako kwa aneneri, madzi a m'botolo. Pomwe mwana wake wamkazi amabwera naye pa njinga yamoto anali atakhalira chammbali, mkodzo ukungodzitsikira, m'maso muli mbee magazi atamuthera. Nditangomuyang'ana mayiyo, viniga sindinamukhudzenso, panalibe choti nkupakapo. Tinamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, anabwerako ndi morphine wakumwa wongochepetsa ululu basi. Munthu wodziwa kuwerengera ndalama za gulu lonse mpaka tambala yomaliza, koma za thupi lake amadikira abambo avomere kaye.

Ndipo inu abambo ndisakusiyeni. Mkazi akawotchedwa timati apume pafupifupi mwezi osagonana kuti pachire, ena mumakwiya mpaka kumuletsa kubweranso ati kuchipatala akuphwanya banja. Mwezi umodzi wokha?

Za ogulitsa mankhwala pamsika aja, a chimkuzamawu, botolo limodzi lochiza shuga, BP, mauka ndi khansa yomwe, ndalama zanu akudya ndipo miyezi imene mukutaya kumeneko ndi imene ikanatipatsa mpata wochitapo kanthu. Zoika kumusizo zimangowonjezera zilonda, ife poyeza tivutikenso kuona bwinobwino.

Katemera wa HPV boma linayamba kupereka dziko lonse mu 2019, ndi wa atsikana a zaka 9 mpaka 14 ndipo satseka mimba, zimenezo nzabodza. Alangizi a zaumoyo akabwera kusukulu musamubise mwana kudimba. Inuyo pobwera kudzayezetsa musaiwale buku lanu la kuchipatala, ndipo bola mubwere musali kumwezi.