Kuimitsa galimoto usiku pofuna mkazi wapamsewu ku England: mafunso ndi mayankho pa lamulo, apolisi ndi makamera

Kwathu ku Malawi tidazolowera kuti apolisi akachita chipikisheni usiku, okwezedwa m'galimoto ndi amayi oyendayenda. Bambo amene amakambirana nawo mtengo amangopukuta pakamwa n'kumapita kwawo. Mpake amuna ena akafika kuno ku Britain amaganiza kuti zimayenda chimodzimodzi. Kuno apolisi amayang'ana kwambiri wogulayo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amuna amafunsana monong'ona, kawirikawiri ponamizira kuti akufunsira mnzawo. Mayankho ake akukhudza England ndi Wales, chifukwa Scotland ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo.

Kodi mlandu weniweni ndi uti, poti amati uhule siwoletsedwa kuno?

N'zoona kuti anthu awiri akuluakulu akagwirizana m'nyumba, popanda wina wokakamiza, kulipira pakokha si mlandu ku England ndi Wales. Koma pamsewu nkhani imasintha. Gawo 51A la Sexual Offences Act 2003 likuti ndi mlandu kufunsira munthu pamsewu kapena pamalo aliwonse odutsa anthu n'cholinga chomulipira kuti mugone naye. Zilibe kanthu kuti muli wapansi kapena muli m'galimoto. Azungu amautcha mchitidwe umenewu kerb crawling, kutanthauza kuyendetsa galimoto pang'onopang'ono m'mphepete mwa msewu ukusakasaka mkazi.

Mlanduwu umathera pakamwa. Mukatsitsa galasi n'kufunsa kuti "zingati", mwapalamula kale, ngakhale mayiyo asakwere ndipo ndalama isatuluke m'thumba.

Lamulo loyamba pa nkhaniyi lidabwera mu 1985, koma nthawi imeneyo apolisi ankayenera kusonyeza kuti munthuyo amachita mobwerezabwereza kapena kuti amasowetsa mtendere anthu a m'deralo. Policing and Crime Act 2009 idachotsa zimenezo, ndipo kuyambira pa 1 April 2010 kamodzi kokha n'kokwanira.

Chilango chake n'chotani?

Chindapusa chosapitirira £1,000 kukhoti la majisitireti. Khoti lilinso ndi mphamvu yokuletsani kuyendetsa galimoto kwa kanthawi. M'madera ena wopalamula koyamba amapatsidwa chenjezo la apolisi lotchedwa caution, kapena amatumizidwa kukosi imene amailipira yekha m'malo mopita kukhoti.

Ambiri akamva £1,000 amapuma, amati ndalama ya mashifiti angapo. Koma chindapusacho ndi mbali yaing'ono. Khoti la majisitireti ndi lotseguka, mtolankhani amaloledwa kukhalamo, ndipo dzina la munthu wamkulu likhoza kutuluka m'nyuzipepala ya m'tauni mwanu. Ife a ku Malawi kuno ndife ochepa, timadziwana kutchalitchi ndi kumaliro. Nkhani yotere imafika ku Area 25 kapena ku Ndirande dzuwa lisanalowe.

Ndimagwira ntchito ya care ndipo ndili pa viza. Zingandikhudze?

Apa ndi pamene ndikupempha achimwene anga kuti muwerenge modekha. Caution si kukhululukidwa ayi. Kuti muilandire mumayenera kuvomera kuti mwalakwa, ndipo imalembedwa. Ntchito zosamalira okalamba, odwala ndi ana zimafuna kafukufuku wa mbiri ya milandu wotchedwa DBS, ndipo chenjezo kapena chigamulo cha khoti chikhoza kutulukira pamenepo. Pa kafukufuku wozama, uja amati enhanced, apolisi amaloledwanso kuwonjezera zimene akuona kuti bwana wanu ayenera kudziwa. Anamwino ndi azamba amalamulidwa ndi bungwe lawo la Nursing and Midwifery Council kuti aziulula okha akapatsidwa caution kapena akazengedwa mlandu. Oyendetsa matakisi nawo chiphaso chawo chili m'manja mwa khonsolo, imene imaunika khalidwe la munthu isanamupatse kapena kumuwonjezera.

Ndiye taganizirani munthu amene viza yake idamangirizidwa kwa kampani imodzi. Ntchito ikatha, chilolezo chokhalira m'dziko muno chimagwedezeka, ndipo ana amene amalipiriridwa fizi kumudzi ndi amene amayamba kumva kuwawa. Ngakhale pofunsira unzika, mafomu a Home Office amafunsa za machenjezo ndi milandu yakale, ndipo kubisa n'koopsa kuposa mlandu weniweniwo. Walira mvula walira matope.

Kodi n'zoona kuti makamera amawerenga nambala ya galimoto iliyonse?

N'zoona. Makamera amenewa amatchedwa ANPR, ndipo ena ali pamitengo ya m'misewu, ena ali m'galimoto za apolisi. Amawerenga nambala, nthawi ndi malo, ndipo tsiku lililonse amawerenga manambala mamiliyoni ambirimbiri m'dziko lonse. Zimene ajambulazo zimasungidwa kwa chaka. Kuwonjezera apo pali makamera a CCTV a khonsolo, apolisi ovala wamba, ndi anthu okhala m'deralo amene amalemba manambala a galimoto zozungulirazungulira n'kukapereka kupolisi chifukwa atopa kuona ana awo aakazi akufunsidwa mtengo pochokera kusukulu.

Mfundo yomalizayi amuna ambiri saiganizira. Amene amaimitsidwa ndi galimoto zoterezi si ogulitsa thupi okha. Ndi mayi wochokera kushifiti ya usiku, chikwama paphewa, akuthamangira basi yomaliza. Akhoza kukhala mlongo wanu.

Pano sindilemba njira zozembera makamera, ndipo sindikufuna kutero. Chifukwa chake muchiona pa nkhani ya Ipswich m'munsimu.

Ndikangodutsa mumsewu wotero popita kuntchito, andimanga?

Kudutsa si mlandu. Misewu yambiri yotereyi ili m'madera a mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, komwe anthu athu ambiri amagwira ntchito usiku. Wapolisi wovala yunifomu ali ndi mphamvu yoimitsa galimoto iliyonse pansi pa Road Traffic Act 1988, ndipo akakuimitsani imani, onetsani laisensi, nenani kumene mukupita. Ngati mukupita kuntchito, baji yanu ndi ndandanda ya mashifiti zidzakuchitirani umboni.

Nanga kalata zija amati zimabwera kunyumba?

Apolisi a m'madera ena amatumiza kalata kwa mwini galimoto akaiona ikuzungulira kangapo m'dera lodziwika. Adiresi amaipeza ku DVLA, kumene galimoto zonse zimalembetsedwa. Kalatayo si chigamulo ndipo si caution. Ndi chenjezo lonena kuti galimotoyi yaoneka pamalo akuti nthawi yakuti. Koma imapita kwa amene dzina lake lili pa buku la galimoto. Ngati galimoto ili m'dzina la akazi anu, ndiwo adzatsegule envulopuyo patebulo la kukhitchini, ana akumwa tiyi. Ngati ndi ya kampani, ipita kwa abwana. Ngati mudabwereka kwa mnzanu wa kutchalitchi, mwamuika m'mavuto amene sakuwadziwa.

Mukalandira kalata yotere pamene munali ndi chifukwa chomveka chodutsira kumeneko, yankhani molemba ndipo sungani kope lake.

Ndikamangidwa ndichite chiyani?

Pemphani loya. Aliyense wosungidwa kupolisi ali ndi ufulu wolankhula ndi loya kwaulere, kaya ndi nzika kaya ndi mlendo, ndipo pali loya wapantchito usana ndi usiku amene amatchedwa duty solicitor. Ngati Chingerezi cha zamalamulo chikukuvutani, pemphaninso womasulira. Musasaine caution chifukwa chofuna kufika kunyumba kusanache. Manyazi amathamangitsa munthu, ndipo ambiri amasaina asanamve kuti pepalalo litanthauza chiyani pa ntchito ndi pa viza yawo. Komanso musanamize apolisi dzina. Pamenepo mwawonjezera mlandu pamwamba pa mlandu.

Mkaziyo ngati adavomera yekha, vuto lili pati?

Funso ili ndi limene lamulo lidalimbirapo kwambiri. Gawo 53A la Sexual Offences Act 2003 likuti ndi mlandu kulipira, kapena kulonjeza kulipira, munthu amene wina adamukakamiza, kumuopseza kapena kumunyenga kuti azigulitsa thupi kuti iyeyo apindule. Ndipo lamulo likunena mosabisa kuti zilibe kanthu kaya inu mumadziwa kapena ayi. Simungauze khoti kuti "ankaseka, sindidaone chovuta". Chindapusa chake ndi £1,000 yomweyo, ndipo gawo ili limagwira m'nyumba ndi pamsewu pomwe.

Pamsewu kuseka sikutanthauza kanthu. Amayi ambiri oima pakona usiku wa December, mpweya ukutuluka utsi mkamwa, amakhala ogwidwa ndi heroin kapena crack, ena alibe pogona, ena pali mwamuna wakhala m'galimoto chapatali amene akuwerenga makasitomala n'kudzalanda ndalama zonse. Ena adabweretsedwa kuchokera kumayiko ena atalonjezedwa ntchito ya m'hotela, pasipoti n'kulandidwa. Ifeyo nkhani zotere si zachilendo. Tikudziwa atsikana akwathu amene adalonjezedwa ntchito kunja n'kukapeza zina, ndipo ndi chifukwa chake Malawi idakhazikitsa Trafficking in Persons Act mu 2015.

Akakhala wosakwana zaka 18, iwalani za chindapusa. Gawo 47 limapereka ndende: mpaka zaka 7 ngati mwanayo ali ndi zaka 16 kapena 17, mpaka zaka 14 ngati sanakwane 16, ndipo akakhala wosakwana 13 chilango chikhoza kufika moyo wonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

N'chifukwa chiyani apolisi amalimbikira chonchi?

Kumapeto kwa 2006, m'tauni ya Ipswich, amayi asanu ogulitsa thupi pamsewu adaphedwa m'masabata ochepa. Wakuphayo, Steve Wright, anali woyendetsa forklift wokhala m'dera lomwelo, ndipo iye mwini adavomera kukhoti kuti ankagula amayi apamsewu. Anali kasitomala ngati ena onse, galimoto yake yodziwika kwa amayiwo. Chidamugwiritsa ndi DNA, ndipo zithunzi za makamera zosonyeza galimoto yake ikuyenda m'deralo usiku zidali mbali ya umboni. Mu February 2008 adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Amayiwo ataphedwa, apolisi ndi khonsolo ya Ipswich adayamba kugwira ogula mosanyengerera, uku akuthandiza amayi kusiya mankhwala ndi kupeza nyumba.

Choncho kamera imene mwamuna amaiopa kuti imuyalutsa, kwa mayi wokwera galimoto ya munthu wosamudziwa ikhoza kukhala mboni yokhayo yonena kumene adapita.

Komabe ndisakunamizeni kuti onse amagwirizana. Magulu olankhulira ogulitsa thupi, monga English Collective of Prostitutes, amati apolisi akamathamangitsa makasitomala, amayi amathawira kumalo amdima, ndipo amakwera galimoto mofulumira osapeza mpata woyang'ana nkhope ya woyendetsayo kapena kukambirana za kondomu. Dandaulo limeneli ndimaliona kuti n'lolemera. Mzinda wa Leeds udayesa njira ina mu 2014: m'dera la Holbeck, maola ena ausiku, apolisi sankamanga ogulitsa kapena ogula. Ena adati amayi adayamba kukhulupirira apolisi n'kumakanena akachitiridwa nkhanza. Anthu okhala pafupi adadandaula kwambiri, ndipo mayi wina wachitsikana wa ku Poland adaphedwa komweko mu December 2015. Ndondomekoyo idathetsedwa mu 2021. Amene adamva mphekesera zoti ku Leeds n'kololedwa adziwe kuti zimenezo zidatha.

Kwina kuli bwanji?

Ku Scotland kufunsira pamsewu ndi mlandu kuyambira 2007. Ku Northern Ireland, kuyambira June 2015, kulipira kulikonse ndi mlandu, kaya m'nyumba kaya panja, potsatira njira imene Sweden idayamba mu 1999. France idatsatira mu 2016, Ireland mu 2017. Ku South Africa kugula ndi kugulitsa zonse n'zoletsedwa.

Kwathu makhoti ndiwo akhala akukonza zinthu. Mu 2016 Khoti Lalikulu ku Zomba lidathetsa chigamulo cha amayi 19 omangidwa ku Dedza, ponena kuti gawo 146 la Penal Code lidalembedwera odyera masuku pamutu amayiwo, osati amayi eni ake. Mu January 2017 khoti lidathetsanso gawo 184(1)(c), lija la vakabu, pa mlandu wa wogulitsa majumbo wa ku Blantyre amene adamangidwa m'mamawa akupita kukagulitsa malonda ake.

Ndidaona mtsikana wooneka wamng'ono, komanso wina akumenyedwa. Ndikanena, sindidziyalutsa ndekha?

Ngati zikuchitika nthawi yomweyo, imbani 999. Ngati mukuopa kutchula dzina lanu, Crimestoppers pa 0800 555 111 safunsa dzina ndipo si apolisi, amangopereka uthengawo. Mukaganiza kuti munthu adazembetsedwa kapena akusungidwa mokakamiza, pali Modern Slavery Helpline pa 08000 121 700. Nenani msewu, nthawi, mtundu wa galimoto, zimene mtsikanayo adavala. Nthawi zambiri amuna odutsa m'misewu imeneyi ndi okhawo amene amaona zimenezi ndi maso.

Ndipo ngati mudagonapo kale ndi munthu mosadziteteza, pitani kuchipatala cha matenda opatsirana pogonana cha NHS. Kuyezetsa ndi mankhwala n'zaulere posayang'ana mtundu wa viza yanu, ndipo nkhani zanu amazisunga mwachinsinsi. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo usiku kapena Loweruka ndi Lamlungu amapezeka ku A&E, kuchipatala kolandirira odwala mwadzidzidzi. Muyambe mwayezetsa musanagonenso ndi akazi anu.