Musanagule penti ya lole yakaleyo

Okonda galimoto akakumana, mkangano suchedwa kubuka. Wina amagogoda chitseko cha pikiapu ya m'ma 1960 n'kunena kuti, "Mwamva kulirako? Ichi ndiye chitsulo, za masiku anozi ndi zitini." Mnzake amayankha kuti yakeyo imalira kamodzi n'kamodzi m'mawa uliwonse, sidontha oyilo ndipo simwa mafuta ambiri. Ntchito yanga ndi yodzutsa galimoto zakale, makamaka malole ndi mapikiapu, choncho anthu amayembekezera kuti ndikhala mbali ya wogogoda chitsekoyo. Ndimakhaladi mbali yake, koma chifukwa changa si kukhuthala kwa chitsulo.

Galimoto yakale imaposa yatsopano pa chinthu chimodzi chachikulu: imalola kukonzedwa. Tsegulani boneti ya Toyota Land Cruiser ya mtundu wa 40, imene inapangidwa kuyambira 1960 mpaka 1984, kapena ya lole ya Bedford J. Muona injini, muonanso dothi pansi pake, chifukwa malo olowetsa mkono ndi sipanala alipo ambiri. Ngati ili ya petulo ndipo yakana kulira, mafunso ndi atatu basi: mafuta akufika mu kabuleta? Moto ukufika ku mapulagi? Mapisitoni akupanikiza mpweya mokwanira? Munthu wa zida zochepa angathe kuyankha onse atatuwo pambali pa msewu. Galimoto yatsopano nayo ili ndi ubwino wake, chifukwa kompyuta yake imanena yokha pamene pakupweteka. Ku America njira yolumikizira makina owerengera zovuta yotchedwa OBD-II inakhala lamulo mu 1996. Vuto ndi loti chimene chawonongekacho nthawi zambiri chimakhala kabokosi komata, kosatheka kutsegula n'kukonza. Mumangogula kena. Kachitsulo ka lole ya zaka 60 mmisiri angathe kukasula katsopano, koma kabokosi ka kompyuta fakitale ikasiya kukapanga, mumayamba kusaka m'ziphapha. N'chifukwa chake mitundu yosavutayi inakana kufa. Peugeot 404 inatuluka mu 1960 koma ku Kenya ankaipangabe mpaka 1991, ndipo Toyota ikugulitsabe Land Cruiser ya mtundu wa 70 imene inayamba mu 1984.

Pa nkhani ya ngozi ndiye ndimasiyana ndi anzangawo. Mu 2009 bungwe la ku America la Insurance Institute for Highway Safety linagundanitsa dala Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009, zonse zili ndi zidole m'malo mwa madalaivala. Bel Air, yachitsulo chokhuthala ija, inapindika mpaka pa mpando wa dalaivala, chiwongolero n'kufika pa chidole. Malibu inaphwanyika mphuno, koma pokhala anthu panatsala pafupifupi bwinobwino. Kuphwanyika kwa mphunoko n'kwadala. Injiniya wa Mercedes-Benz, Béla Barényi, ndiye anabwera ndi nzeru yoti kutsogolo ndi kumbuyo kuzifwanyika kuti kumeze mphamvu ya ngozi, pakati pakhale polimba, ndipo kampaniyo inayamba kugulitsa galimoto zotere mu 1959. Chaka chomwecho Volvo inaika lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene anapanga Nils Bohlin. Lole yakale ikagunda mtengo, chitsulo chikapanda kugonja, mphamvu yonseyo imathera m'chifuwa cha amene wakhala m'katimo.

Ndiye munthu akandibweretsera chiphapha chimene chakhala pansi pa mtengo zaka zambiri, n'kuyamba kundifunsa za mtundu wa penti, ndimamupempha kuti tiyambe tagona pansi.

Pansipo pali chassis, zitsulo ziwiri zazitali zonyamula injini, kabini ndi katundu yense. Ndimatenga nyundo yaing'ono n'kumagogoda kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira mokweza. Chodyedwa ndi dzimbiri chimangoti phu, nthawi zina nyundo n'kulowa, zimbalimbali zofiira n'kukugwera kumaso. Malo oyenera kuwakayikira kwambiri ndi pamene pamangidwa masipiring'i, pamene pakhala kabini, ndi m'makona momwe matope amakhazikika osauma. Chassis yamtundu wa bokosi imawola kuchokera m'kati, moti kunja imaoneka yabwino mpaka tsiku limene yathyoka. Land Rover zakale zimapusitsa anthu ambiri pamenepa. Kuyambira 1948 thupi lake linali la aluminiyamu, poti chitsulo chinali chosowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, ndipo aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Koma chassis ndi khoma lolekanitsa injini ndi dalaivala ndi zachitsulo wamba, ndipo paliponse pamene zitsulo ziwirizi zakhudzana pali chinyontho, aluminiyamuyo amadyeka n'kusanduka ufa woyera.

Galimoto yopenta kumene ndimaiopa kuposa yothetheka ndi dzuwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yendani ndi kamaginito kofooka m'thumba, mukakayendetse m'munsi mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala. Pamene kakugwa kokha pa thupi lachitsulo, dziwani kuti pansi pa pentiyo pali phala lomatira, osati chitsulo. Dzimbiri silichira ndi kumata. Mankhwala ake ndi kudula mpaka pamene chitsulo chikuwala, n'kuwotcherera chigamba chatsopano.

Injini, imene anthu amaida nkhawa kwambiri, ndiye gawo losavuta. Musaithamangire ndi batire. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'mabowomo, dikirani masiku angapo, kenako muizungulitse ndi dzanja. Ikazungulira, yezani mphamvu ya silinda iliyonse. Chofunika n'choti manambala akhale oyandikana. Chinthu chimodzi chokha chimene ambiri sachidziwa ndi ichi: injini zambiri zakale za petulo zinapangidwa nthawi imene petulo ankathiramo mtovu, ndipo mtovuwo unkateteza pokhala mavalavu otulutsa utsi. Petulo wotere anatha pa dziko lonse mu 2021, dziko lomaliza kumugulitsa linali Algeria. Popanda mtovu, valavu imadya pang'onopang'ono mutu wa injini, makamaka lole ikamakoka katundu wolemera mtunda wautali. Mukatsegula mutuwo, uzani mmisiri aikemo mipando ya mavalavu yolimba, nkhaniyo ithere pomwepo. Mapaipi a labala odutsa mafuta sinthani onse, chifukwa petulo wosakaniza ndi ethanol amawafewetsa n'kuwang'amba.

Ndalama zanu zoyamba zipite ku mabuleki. Galimoto zambiri zopangidwa chisanafike chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki. Paipi imodzi ikabooka, phazi limangofika pansi, matayala onse anayi osagwira. Zatsopano zili ndi njira ziwiri, moti imodzi ikafa ina imatsala. Kusintha pampu ya mabuleki kuti ikhale ya njira ziwiri si ntchito yaikulu, ndipo palibe amene angaone kunja. Mafuta a mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyontho cha mumpweya, n'chifukwa chake amafunika kusintha pakatha pafupifupi zaka ziwiri. M'galimoto yoima zaka 20 madziwo amakhala atadya kale masilinda m'kati. Ndipo pochotsa madiramu a mabuleki musapemerere fumbi lake ndi mpweya. Mashu akale ambiri, aja amagwira diramu mukaponda buleki, anali a asibesitosi, ndipo fumbi limenelo limakhazikika m'mapapo n'kuyambitsa matenda patapita zaka zambiri. Linyowetseni, lipukuteni, nsanzayo muitaye itamangidwa m'pulasitiki.

Matayala nawo musamangoyang'ana ngati atha kapena ayi. Pambali pa tayala lopangidwa kuyambira 2000 pali manambala anayi kumapeto kwa zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Labala amauma ndi kukalamba ngakhale sanayendepo. Malole ambiri akale alinso ndi marimu ogawika, okhala ndi mphete yachitsulo yotsekera. Mpheteyo ikapanda kukhala bwino, imathawa popopa ndi mphamvu yokwanira kupha munthu. Imeneyo si ntchito yophunzirira pakhomo.

Apa m'pamene okonda zakale amagawikananso. Ena amafuna kuti chilichonse chikhale mmene chinachokera ku fakitale, mpaka bawuti ndi mtundu wa waya, ngakhale magetsi a mavolti 6 amene nyali zake zimangoti psuu usiku. Ena amachotsa zonse, n'kuika injini yatsopano, giyabokosi ya otomatiki ndi marimu onyezimira, kutsala chigoba chokha. Awa achiwiriwa amandidabwitsa pang'ono, chifukwa ataya chinthu chomwe chija chinapangitsa lole yakale kukhala yabwino, kuti mwini wake angathe kuimvetsa ndi kuikonza. Oyambawo ndimawalemekeza ngati galimotoyo ndi yokaonetsa ku chionetsero itanyamulidwa pa ngolo. Koma yoti iziyenda pakati pa galimoto zina zimene zimaima m'kanthawi kochepa, ine ndimaika mabuleki a njira ziwiri, malamba omangidwa pa chitsulo cholimbitsidwa, mawaya atsopano okhala ndi mafuyuzi, ndi alternator, chotchajira batire chamakono, m'malo mwa dayinamo. Injini, magiya ake olira aja, chiwongolero chachikulu ndi mpando wautali ndimazisiya mmene zilili. Zimene ndachotsa ndimaziika m'bokosi n'kupereka kwa mwini wake, kuti wodzagula mtsogolo akadzafuna kubwezeretsa asadzavutike.

Pophwasula, jambulani chilichonse musanamasule, ndipo mabawuti a gawo lililonse akhale m'kathumba kake kolembedwa, chifukwa ntchitoyi imatenga miyezi kapena zaka ndipo mutu susunga zonsezo. Ziphapha zambiri zimene zimagulitsidwa zili m'makatoni ndi za anthu amene anamasula zonse sabata imodzi ali ndi changu. Penti imabwera pomaliza, lole itayenda kale, itaima bwino, ndipo kulibenso chowotcherera chimene chingaitenthe.